Kucokera ku juzi kufika ku phiko la ndeke: mmene ulusi wa kaboni upezera mphamvu zake

Nyengo yozizira ikafika mu June ndi July, ana a sukulu a ku Chimwemwe ndi Wusakile mu mzinda wa Kitwe, ndiponso a ku Chifubu ndi Lubuto mu mzinda wa Ndola, amalawira atavala majuzi. Ngakhale kuti ulusi wolukira majuziwo anthu amauchula kuti wulu, wambiri mwa iwo si ubweya wa nkhosa ai. Ndi ulusi wa acrylic, wopangidwa kucokera ku mankhwala opezeka poyenga mafuta a pansi pa nthaka.

Ulusi umenewu uli ndi m'bale wake wa mtengo wapatali. Mankhwala amodzimodziwo, akakonzedwa mosamala kwambiri ndi kuocedwa m'ng'anjo, amabala ulusi wa kaboni, umene m'Cingerezi amati carbon fibre. Uwu ndi ulusi wakuda umene amapangira mapiko a ndeke, njinga za mpikisano, ndodo zowedzera nsomba ndi miyendo yoikirira ya anthu odulidwa ziwalo. Cimene cimasiyanitsa abale awiriwa kweni-kweni ndi kapangidwe ka ulusi woyera woyambira, usanalowe n'komwe m'ng'anjo. Colakwika ciliconse cimene calowa mu ulusi pa nthawi imeneyo cimakhala momwemo mpaka mapeto, ndipo moto sungacikonze.

Kodi ulusi wa kaboni n'ciani?

Kaboni ndi cinthu comwe cija cimene cimapanga makala. Mu ulusi wa kaboni, tizigawo take timandandalikana motsata utali wa ulusi, ndipo ndico cifukwa cake umalimba kwambiri ukamakokedwa. Kaulusi kamodzi kamanenepa mamaikromita 5 mpaka 7. Maikromita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo tsitsi la munthu limanenepa mamaikromita 50 mpaka 100. Motero timaulusi timeneti amatigulitsa m'mitolo ya 3,000, 12,000, 24,000 kapena kuposerapo, ndipo amatimata ndi utomoni wolimba kuti tikhale cipangizo.

Ubwino wake waukulu ndi kupepuka. Ulusi wa kaboni wodzaza malo a lita imodzi umalemera pafupi-fupi makilogalamu 1.8, pomwe aluminiyamu amalemera 2.7, citsulo 7.8, ndipo mkuwa wa m'migodi yathu umafika pafupi ndi 9. Pafupi-fupi theka la kulemera kwa ndeke ya Boeing 787, imene inayamba kunyamula anthu mu 2011, ndi zipangizo zomatidwa za mtundu umenewu.

Pafupi-fupi maperesenti 90 a ulusi wa kaboni pa dziko lonse amacokera ku mankhwala ochedwa polyacrylonitrile, mwacidule PAN. Katswiri wa ku Japan, a Akio Shindo, ndiwo anaonetsa njira imeneyi mu 1959 pa malo a kafukufuku a boma mu mzinda wa Osaka. Mu 1963 a William Watt ndi anzao a ku Royal Aircraft Establishment ku Farnborough, m'dziko la Britain, anapeza kuti ulusiwo umatuluka wolimba kwambiri ngati waocedwa uli cikokedwere. Kampani ya Toray ya ku Japan inayamba kuupanga wogulitsa mu 1971.

Kupota kuli pawiri

Anthu a m'cigawo ca Copperbelt amakudziwa bwino kupota ulusi. Ku Ndola, fakitale ya Swarp Spinning Mills inali kupota thonje ndi kutumiza ulusi wake kunja kwa dziko m'zaka za m'ma 1990. Ku Kitwe, kampani ya Sakiza Spinning inadziwika ndi ulusi wa acrylic. Kupota kwa m'mafakitale otere kumafanana ndi kwa mkulu wa kumudzi amene amapota cingwe ca khonje pa nchafu: amatenga timaulusi timene tilipo kale ndi kutipiringiza pamodzi.

Koma pali nchito ina imene imacitika izi zisanafike, imene m'Cingerezi amaichulanso ndi liu lomwelo la kupota. Iyi ndi nchito yopanga kaulusi kenikeniko kucokera ku phala la mankhwala, monga mmene kangaude amatulutsira ulusi m'thupi mwake. Ulusi wa acrylic umafika m'Zambia nchito imeneyi itacitika kale ku maiko ena, ndipo ndiyo imene imalamulira mphamvu ya ulusi wa kaboni.

Phala loyambira

Mapulasitiki ambiri amasungunuka akatenthedwa, koma PAN amayamba kuonongeka asanasungunuke. Cifukwa ca ici amamusungunula m'mankhwala amadzi-madzi, monga mmene shuga amasungunukira m'tiyi. Mankhwala odziwika pa nchitoyi ndi DMSO, DMF ndi DMAc, ndipo mafakitale ena amagwiritsa nchito madzi osakaniza ndi zinc chloride kapena sodium thiocyanate. Cimene cimatuluka ndi phala lonanda ngati uci, limene kawiri-kawiri pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo asanu limakhala PAN.

Phala likacepa mphamvu, ulusi umatuluka ndi timphako tambiri mkati, pakuti malo amene munali madzi amatsala opanda kanthu. Likalimba kwambiri limavuta kupopa ndipo limagwirana m'mapaipi. Asanalitumize patsogolo amalisefa kangapo ndi kulicotsa thovu lonse. Kacitsotso kamene maso sangakaone n'komwe kamakhala ngati mwala waukulu mkati mwa kaulusi ka mamaikromita 10, ndipo m'ng'anjo kamasiya bala pamene ulusi udzadukira.

Kenaka phalalo amalikankha kupyola m'cipangizo cochedwa spinneret. Cimafanana ndi mutu wa kheni yothirira ndiwo kudimba, koma timabowo take ndi zikwi-zikwi, ndipo kabowo kalikonse ndi kakang'ono ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Thanki imene ulusi ubadwiramo

Phala likatuluka m'timabowo limalowa m'thanki ya madzi osakaniza ndi mankhwala osungunulira aja. Mmenemo mumacitika kusinthana. Mankhwala amatuluka m'phala kupita m'madzi, ndipo madzi amalowa m'phala. Popeza PAN sasungunuka m'madzi, amagwirana nasanduka ulusi. Izi zimatenga timphindi towerengeka cabe, koma liwiro la kusinthanaku ndilo limaumba mkati mwa ulusi.

Amai amene amakazinga vitumbuwa pa msika wa Chisokone kapena wa Masala amadziwa zimene zimacitika mafuta akatentha mopitirira: kunja kumauma msanga, mkati mukali mwauwisi. Ulusi umacitanso cimodzi-modzi. Ngati thanki ili yofunda kwambiri, kapena ngati madzi aculuka ndipo mankhwala acepa, kunja kwa kaulusi kumalimba nthawi yomweyo ndi kupanga cikopa. Mkati mumalimba mocedwa ndiponso mosalongosoka, ndipo mumatsala mphako zazitali zooneka ngati zala. Ulusi wotere umaoneka wabwino kunja pomwe mkati uli wofumbwa.

Thanki ikazizira, kusinthana kumayenda pang'ono-pang'ono ndipo ulusi umagwirana bwino, timphako take n'kukhala tating'ono. Koma apanso pali vuto lake. Mankhwala amatuluka oculuka kuposa madzi amene akulowa, motero kaulusi kamafwapa. Munthu akakadula ndi kukayang'ana pa makina okuzira zinthu, amapeza kuti m'malo mokhala kobulungira kaoneka ngati njere ya nyemba. Kuonjezera mankhwala osungunulira m'thanki kumathandiza kuti kaulusi kalimbe mofanana kunja ndi mkati, nakhala kobulungira. Akaonjezera mopitirira, ulusi umacedwa kulimba ndipo timaulusi timamatana.

Palibe muyeso umodzi wokwanira mafakitale onse, cifukwa kutentha kwa thanki, mphamvu ya mankhwala, kulimba kwa phala ndi liwiro la makina zonse zimadalirana. Kusintha cimodzi kumafuna kusinthanso zinzake. Ici ndico cifukwa cake makampani amabisa kwambiri miyeso yao kusiyana ndi makina ao.

Mpata wa mpweya

Pali njira ziwiri zazikulu zolowetsera phala m'thanki. M'njira yakale, spinneret imamira m'madzi momwemo. Ulusi wake umatuluka ndi timizere pa khungu, ngati makwinya a khungwa la mtengo. Timizere timeneti timathandiza utomoni kugwira, koma timakhalanso poyambira ming'alu.

M'njira yaciwiri, spinneret imakhala pamwamba pa madzi, ndipo phala limayamba lapyola mpata wa mpweya wa mamilimita owerengeka lisanagwe m'thanki. Kampata kameneka kamalola kuti phala likhale lofunda, kuti lipyole bwino m'timabowo, pomwe thanki ili yozizira. Kamalolanso kuti ulusi uyambe kukokedwa ukali wofewa. Ulusi wake umatuluka wosalala ndi wogwirana, ndipo makina amatha kuthamanga kwambiri. Vuto lake n'lakuti madzi a pamwamba pa thanki akagwedezeka pang'ono, timaulusi timamatana kapena kuduka.

Kukoka

Ku Luanshya, fakitale ya ZAMEFA imakoka ndodo za mkuwa kupyola m'timabowo toceperacepera mpaka zitasanduka waya. Ulusi wa PAN nawonso amaukoka, koma popanda kuupanikiza m'bowo. Umayenda pa magudumu otsatizana, ndipo lakutsogolo limathamanga kuposa lakumbuyo.

Colinga si kucepetsa ulusi cabe. PAN amapangidwa ndi timaunyolo tatitali tosaoneka ndi maso, ndipo ulusi ukangotuluka m'thanki timaunyoloto timakhala topiringizana. Kukoka kumationgola ndi kutindandalika mbali imodzi, monga mmene wofolera nyumba amasanjira udzu. Kukokaku kumacitika m'magawo: pang'ono m'thanki, kenaka m'madzi otentha, ndipo pomaliza m'nthunzi yopanikizidwa. Zonse zikatha, ulusi umakhala utatalika kakhumi kapena kuposerapo, ndipo kunenepa kwake kumatsikira ku mamaikromita 10 mpaka 12.

Ulusi wokokedwa pang'ono umabala kaboni wofooka ndi wopindika msanga. Wokokedwa mopitirira umang'ambika mkati, ndipo timaulusi tina timaduka ndi kuyamba nyenyeswa pa mtolo. Mpofunikanso kuti timaulusi tonse ta mu mtolo tikokedwe mofanana, cifukwa katundu akalemera, kaulusi kofooka ndiko kamayamba kuduka, ndipo katundu wake amagwera pa tinzake.

Kutsuka, kudzoza ndi kuumitsa

Pakati pa magawo a kukoka pali nchito zina zitatu. Yoyamba ndi kutsuka, kuti mankhwala osungunulira acoke onse. Akatsalira amafewetsa ulusi m'ng'anjo ndi kusiya timphako. Yaciwiri ndi kudzoza mafuta apadera a silicone, amene amaletsa timaulusi kukhulana pa magudumu ndi kumatana tikatenthedwa. Mafutawa akacepa ulusi umamatana, koma akaculuka kapena akalowerera mkati amasanduka zotsalira zolimba ngati mcenga, zimene zimafooketsa ulusi ndi kudetsa ng'anjo. Yacitatu ndi kuumitsa pa magudumu otentha, kumene kumatseka timphako tating'ono timene madzi anasiya. Mphako zazikulu zija za m'thanki yofunda sizitsekeka bwino ngakhale pamenepa.

Zimene ng'anjo imacita

Ulusi woyera ukakonzeka umalowa m'ng'anjo yoyamba, ya mpweya wamba wotentha madigiri 200 mpaka 300, kwa ola limodzi kapena kuposerapo, uli cikokedwere. Mtundu wake umasintha kucoka ku woyera kupita ku wacikasu, wofiirira, mpaka wakuda. Apa timaunyolo timalumikizana kotero kuti ulusi sungasungunukenso. Kenaka umalowa m'ng'anjo yaciwiri, ya madigiri 1,000 mpaka 1,500, mmene muli mpweya wa nitrogen wokha kuti usayake. Zinthu zina zonse zimacoka ngati utsi, ndipo cotsala cimakhala kaboni woposa maperesenti 90. Ulusi wofunika kukhala wosapindika konse amauocanso mpaka pafupi ndi madigiri 3,000.

Apa mpamene kufunika kwa kaulusi koonda ndi kofanana kumaonekera. Kandolo wamkulu akaikidwa pa mbaula amapserera kunja mkati asanapse. Momwemonso, mpweya umalephera kufika pakati pa kaulusi konenepa kapena ka cikopa colimba, ndipo pakatipo pamatsala posapsa. M'ng'anjo yaciwiri malo amenewo amaonongeka ndi kusiya dzenje.

Pa makilogalamu awiri a ulusi woyera pamatuluka pafupi-fupi kilogalamu imodzi ya ulusi wa kaboni, ndipo ulusi woyambirawo umadya pafupi-fupi theka la ndalama zonse zopangira.

Kusiyana kwake m'manambala

Mitundu ya ulusi wa kampani ya Toray imaonetsa bwino phindu la kusamala kumeneku. Tiyerekeze mtolo wa ulusi umene kukhuthala kwake ndi milimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Wa mtundu wa T300, wopangidwa m'njira yakale yomiza spinneret, ungathe kunyamula pafupi-fupi makilogalamu 360 usanaduke, kumene kuli ngati matumba 14 a ufa a makilogalamu 25. Wa mtundu wa T700S, wopyola mu mpata wa mpweya, umafika makilogalamu 500, kapena matumba 20. Wa T1000G, umene timaulusi take ndi ta mamaikromita 5, umafika pafupi ndi makilogalamu 650, kapena matumba 26. Citsulo wamba comangira ca kukula komweko cimanyamula pafupi-fupi matumba awiri. Mitundu itatu yonseyi imacokera ku PAN, ndipo mbali yaikulu ya kusiyana kwao ndi kucepa kwa zilema mu ulusi.

Nanga ulusi wa majuzi sungaocedwe?

Ulusi wa acrylic wa zovala umapangidwa kuti ukhale wofewa, wofunda ndi wogwira utoto. Mankhwala a acrylonitrile amakhalamo maperesenti 85 kapena kuposerapo, ndipo otsalawo ndi mankhwala ena othandiza kufewa ndi kugwira utoto. Mu ulusi woyambira wa kaboni, acrylonitrile kawiri-kawiri amaposa maperesenti 95, ndipo amaikamo pang'ono mankhwala monga itaconic acid, amene amathandiza kuti kupsa kwa m'ng'anjo yoyamba kuyambe mofatsa. Ulusi wa zovala umakhala wonenepa, amaupinda-pinda kuti ufanane ndi ubweya, ndipo amaudula m'tizidutswa kuti upotedwe. Wa kaboni uyenera kukhala woongoka ndi wosaduka kwa makilomita ambiri.

Ngakhale zili tero, mpata wa pakati pa awiriwa wakhala ukucepa. Mu 1995 kampani ya ku America ya Zoltek inagula fakitale ya ulusi wa acrylic ku Nyergesújfalu m'dziko la Hungary ndi kuisintha kuti izipanga ulusi wa kaboni wotsika mtengo, wa mitolo ikulu-ikulu, umene umagwiritsidwa nchito kwambiri pa mapiko a makina opanga magetsi ndi mphepo. Toray inagula Zoltek mu 2014. Malo a kafukufuku a Oak Ridge National Laboratory ku Tennessee nawonso aonetsa kuti ulusi wa acrylic wa mtundu wa zovala ungathe kusandulizidwa kaboni woyenera magalimoto ndi nchito zina zosafuna mphamvu ya ndeke. Dziwani kuti mu zitsanzo zimenezi poyambira pake ndi ulusi wosadulidwa wocokera ku fakitale yokhala ndi phala, spinneret ndi thanki. Fakitale yongopota ulusi wogulidwa kunja ilibe mbali imeneyi.

Tanthauzo lake ku Copperbelt

M'Zambia mulibe fakitale yopanga ulusi wa kaboni. Acrylonitrile amapangidwa kucokera ku propylene, mpweya wopezeka poyenga mafuta, pamodzi ndi ammonia. Fakitale yoyenga mafuta ya Indeni ku Ndola, imene inayamba nchito mu 1973, inali yopanga mafuta monga petulo, dizilo ndi palafini, ndipo tsopano siyenganso. Paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kucokera ku Dar es Salaam, imene inatsegulidwa mu 1968, yakhala ikunyamula dizilo woyengedwa kale kuyambira mu 2023. Mafakitale ambiri a nsalu a ku Ndola anafooka malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991, pamene nsalu za kunja ndi salaula zinadzaza misika.

Fakitale ya ulusi woyambira imafuna madzi oyera kwambiri, zipinda zopanda fumbi, njira yobwezera mankhwala osungunulira kuti asatayikire m'mitsinje monga Kafue ndi Kafubu, ndiponso magetsi osazima, pakuti makina akaima mwadzidzidzi ulusi wonse umene uli m'ng'anjo umaonongeka. Kuonjezera apo, maboma a maiko opanga ulusi wolimba kwambiri amaika malamulo okhwima pa kagulitsidwe kake ndi ka makina ake, kaamba kakuti umagwiranso nchito pa zida za nkhondo.

Mbali imene ili pafupi ndi mizinda yathu ndi ya kugwiritsa nchito ulusi wopangidwa kale: kuumba ndi kukonza zipangizo zopepuka, miyendo yoikirira, ndi kulimbitsa zipilala za konkire zimene zayamba kufooka. Ophunzira a uinjiniya pa Copperbelt University ku Kitwe ndi pa Northern Technical College ku Ndola adzakumana ndi zipangizo zimenezi pa nchito zao, ndipo ayenera kudziwa kuti mitolo iwiri yakuda yooneka mofanana ingathe kusiyana mphamvu pafupi-fupi kawiri. Wogula ayenera kufunsa dzina la mtundu wa ulusi ndi cikalata ca wopanga, cifukwa maso sangasiyanitse.

Cenjezo kwa omvera ndi owerenga

Ulusi wa acrylic ukapsa umatulutsa mpweya wa poizoni wa hydrogen cyanide. Motero si bwino kuyesa kuuoca kunyumba, ndipo majuzi ndi mabulangete akale asatenthedwe m'nyumba yotseka kapena pa mbaula. Ulusi wa kaboni umapititsa magetsi, conco ndodo yowedzera nsomba ya mtundu umenewu isayandikire nthambo za magetsi, ndipo isaimikidwe pa nthawi ya mphezi. Njinga kapena cipangizo cina ca kaboni cikagundidwa kwambiri cingathe kung'ambika mkati kunja kukuoneka bwino, ndipo sicipindika kaye ngati citsulo koma cimathyoka mwadzidzidzi. Ciyenera kupimidwa ndi wodziwa cisanagwiritsidwenso nchito. Amisiri ocidula kapena kucipala avale zochinga mphuno ndi maso, ndipo acite nchitoyo kutali ndi makina a magetsi, pakuti fumbi lake likalowa m'makinamo lingathe kuwaononga.